Mpikisano wa mapulani a loji ya ku dambo: oweruza asankha "sukulu ya pulayimale"

Adimini:
Mwadzuka bwanji nonse. Ambiri mwakhala mukundifunsa za zithunzi zikuzungulira zija, za loji imene kampani ina ikufuna kumanga kufupi ndi dambo la Elephant Marsh. Nkhani yake ndi yakuti eni ndalamawo sanangopatsa munthu mmodzi ntchito yojambula. Anachititsa mpikisano, n'kuitana akatswiri ojambula mapulani a nyumba kuti akhale oweruza. Zotsatira zatuluka. Yapambana ndi pulani ija ena mwaipatsa kale dzina loti "sukulu ya pulayimale", pomwe ija ya tinyumba ta magalasi tapamadzi yathera pa nambala 3. Mmodzi mwa oweruzawo ali pagulu pano, ndi mwana wakwathu konkuno, ndipo wavomera kuyankha mafunso. Tikambirane mwaulemu chonde, wotukwana ndimuchotsa.

Wa ku Joni:
Ine ndiye ndiyambe. Achemwali oweruza, mwatikhumudwitsa. Nambala 3 ija ndinaonetsa anzanga kuno, aliyense amafunsa kuti malowa ali kuti tikaoneko. Tinyumba tili pamwamba pa madzi, khoma lonse galasi, munthu uli gone uku ukuona mvuu. Inu mwasiya zimenezo n'kusankha midadada italiitali ya makonde. Kodi ife a ku Chigwa zokongola sizitiyenera?

Bilidala wa ku Nchalo:
Kkkk achimwene a ku Joni, mudzabwere mwezi wa Okutobala ndidzakutsekereni m'chipinda cha galasi pa Nchalo pano kuyambira 11 koloko mpaka 3. Mukadzatuluka amoyo tidzakambirana bwino.

Wa ku Joni:
AC, makina oziziritsa m'nyumba aja, inabwera kalekale pa dziko lapansi bwana.

Mwana wa ku Ngabu:
Zikomo a Adimini, moni makolo ndi abale nonse. Ndine amene ndinali nawo pa gulu la oweruza. Ndiyambe ndi mmene ntchitoyi imayendera, chifukwa ndaona ena akulemba kwina kuti tinapatsa mnzathu. Mapulani amatifika opanda dzina, pamakhala nambala yokha. Maina amakhala mu envelopu yomata imene amasunga mlembi wa mpikisano, ndipo imatsegulidwa ife titasaina kale zotsatira.

Eni loji analemba okha zimene akufuna: malo ogona alendo osawononga dambo, osadya magetsi ambiri, omangidwa ndi zipangizo komanso amisiri a konkuno, ndiponso oti madzi akasefukira adzakhalepobe. Ife timayeza pulani iliyonse ndi zimenezo. Kukongola nako kuli ndi malikisi ake, ndipo pamenepo nambala 3 inaposa onse, sindingakane.

Koma tisanayambe kupereka malikisi tinapita kukaona malowo. Bambo wina wachikulire amene amatiperekeza anatiimika pa mtengo wa nsangu n'kutionetsa pamene anatema ndi chikwanje pa khungwa, pomwe panalekezera madzi nthawi ya namondwe Freddy mu 2023. Ine si wamfupi, koma ndinakweza dzanja osafikapo. Tinayeza, ndipo titabwerera tinajambula mzere umenewo pa pulani iliyonse. Pa nambala 3 mzerewo unadutsa pamwamba pa bedi la mlendo.

Mphunzitsi Wopuma wa ku Bangula:
Mwanawe wayankhula. Pitiriza tikumve.

Wa Chaka Chachinayi ku MUBAS:
Pepani madam, ndilowerere pang'ono. Ine sindinalowe nawo mpikisanowu, ndiye ndilibe chowawa. Koma ngati vuto linali kutalika kwa mizati, bwanji simunangouza wojambulayo kuti aikweze? Mamita awiri owonjezera si nkhani. Makolo athu a m'dambo akhala akumanga nsanja kuyambira kale, kuyikapo mapira ndi ana madzi akabwera. Chimene chimatipweteka ife achinyamata n'chakuti mpikisano uliwonse umathera kwa munthu wamantha. Wajambula zoti palibe angamudzudzule, wapambana. Nanga zatsopano zidzamangidwa liti m'dziko muno?

Mwana wa ku Ngabu:
Funso labwino mng'ono wanga, ndipo mmodzi mwa oweruza anzanga anakangana nafe pa mfundo yomweyi mpaka tiyi anazizira. Mizati sitinaikane. Nambala 2 nayo ndi ya mizati, ndipo inatsala pang'ono kupambana. Vuto la nambala 3 ndi pamene yaimika mizatiyo.

Pansi pa madzi a dambo pali matope akuya. Kuti mzati ugwire pamafunika chimakina chokhomera, ndipo kuti chimakinacho chifike pamafunika kuthira msewu wa dothi kulowa m'dambo momwemo. Ndiye kuti loji yoteteza dambo yayamba ndi kudula dambolo pakati. Komanso madzi osefukira sabwera okha. Amabwera ndi zipika, mitengo yathunthu, ndi zilumba za bango ndi namasupuni zoyenda. Zimenezo zikakodwa pa mizati zimasanduka khoma, madzi n'kumakankha khomalo. Nsanja ya agogo athu ikagwa amadula mitengo ina n'kumanganso sabata yomweyo. Chipinda cha galasi chikagwa, magalasi, matailosi ndi mapaipi a chimbudzi zonse zimatsalira m'madzi momwe asodzi amaponda.

Mphunzitsi Wopuma wa ku Bangula:
Ndiwonjezereko, poti ena munabadwa dzulo. Anthu akumtunda amaganiza kuti madzi a kuno amangotsika ndi Shire basi. Ayi. Ruo akadzaza kuchokera ku Mulanje amabwera ndi mphamvu n'kutsekereza Shire, madzi n'kumabwerera m'mbuyo kulowa m'dambo. Mvula itha kukhala kuti kuno sinagwe n'komwe, dzuwa lili phwee, koma madzi akukwera. Mu 1997 madzi anadula njira ya pakati pa Bangula ndi Chiromo pa Mtayamoyo, sitima n'kusiya kuwoloka. Mu Januwale 2015 Ruo anasiya njira yake n'kudzipangira ina chaku Makhanga, midzi n'kukwiririka ndi mchenga. Kenako anamondwe aja, Idai mu 2019, Ana mu 2022, Freddy mu 2023. Madzi saiwala khwawa. Munthu wojambula nyumba ya kuno asanafunse akuluakulu kuti madzi amadzera pati akungosewera ndi ndalama za eni ake.

Wa ku Joni:
Aphunzitsi ndamva, koma alendo sabwera nthawi ya dzinja. Madzi akabwera atseke, akaphwa atsegule.

Gaidi wa Alendo:
Apo ndiye mwalakwitsa achimwene. Ine ndimayenda ndi alendo ku Majete ndi ku Lengwe. A ku Majete amafuna mikango ndi njovu, amenewo inde amakonda chilimwe. Koma wobwera ku Elephant Marsh amatsata mbalame, ndipo okonda mbalame amabwera nthawi ya mvula imene, pamene mbalame zochokera kutali zafika. Dambo lija analiika pa mndandanda wa Ramsar, wa madambo ofunika pa dziko lonse lapansi, mu 2017, lachiwiri m'dziko muno pambuyo pa nyanja ya Chilwa, ndipo chachikulu ndi mbalame zomwezo. Anthu amenewa ndi achikulire ambiri, mabainokyula ali pakhosi, 5 koloko m'mawa ali kale m'bwato. Safuna galasi, amati limatsekereza kulira kwa mbalame. Amafuna khonde, mthunzi ndi mowa wozizira. Ndiye sukulu yanu ya pulayimaleyo kwa iwo ndi yabwino kwabasi.

China, pa chithunzi cha nambala 3 ndinaona magetsi owala pansi pa tinyumba, akuunikira madzi usiku. Amene anajambula zimenezo sanagonepo m'mbali mwa dambo. Tizilombo tonse ta Chikwawa ndi Nsanje tingasonkhane pamenepo.

Bilidala wa ku Nchalo:
Achemwali, ine funso langa ndi la njerwa. Ndamva kuti yopambanayo sigwiritsa ntchito njerwa zowotcha. Ndiye amanga ndi chiyani, zidina? Chifukwa zidina tinaziona mmene zinasungunukira.

Mwana wa ku Ngabu:
Achimwene, njerwa zowotcha palibe pulani imene ikanaloledwa nazo. Malamulo a 2018 a NCIC, bungwe loyang'anira zomangamanga, analetsa njerwa zowotcha ndi nkhuni pa zomanga za boma ndi za bizinesi. Ndipo inu mukudziwa bwino kuposa ine mitengo imene uvuni umodzi umadya.

Yopambanayo yachita chonchi. Pansi pali chiunda cha miyala ndi simenti chokwera kupitirira mzere wa madzi uja, ndipo malo enieniwo ali pa kamtunda, kutali ndi madzi. Pamwamba pa chiundacho ndi pamene payambira khoma la mabuloko a dothi losakaniza ndi simenti pang'ono, opanikizidwa ndi makina, osawotcha. Dothi silikhudza madzi oima paliponse. Denga latuluka kwambiri kuti mvula isamenye khoma.

Bilidala wa ku Nchalo:
Mabuloko amenewo ndinamangirapo. Ndi abwino, amalowana okha, matope ochepa. Koma ndikuchenjezeni, dothi la makande silipanga mabuloko amenewo. Limang'ambika likangouma. Pamafunika dothi lamchenga pang'ono, lija lofiirira la m'munsi mwa mapiri. Akadzabwera kontrakitala wofuna kusunga dizilo adzakumba pompo, chaka chimodzi makoma onse mizere yokhayokha.

Ndiponso makande omwewo ndi amene amathyola nyumba kuno. Mvula ikagwa amafufuma, chilimwe amang'aluka mpaka mwendo wa mwana kulowa. Fondeshoni ya masiku onse ija ya mabuloko awiri pansi siigwira. Ndaonapo nyumba yokongola ya malata a mtundu, chitseko chikukana kutsekeka dzinja lililonse, chilimwe n'kumatsekeka chokha.

Mwana wa ku Ngabu:
Mwalasa. Ndipo apa ndi pamene yopambanayo inatigwira mtima. Ndi yokhayo imene inabwera ndi pepala loonetsa kuti wojambulayo anakumba maenje pamalopo n'kuona pamene makande alekezera ndi pamene payambira dothi lolimba. Midadada ija sinakhale italiitali chifukwa chosowa nzeru. Yatsata kamzere ka dothi labwino kamene kali pa kamtundako. Ena anamwaza tinyumba tozungulira paliponse kuti pazioneka ngati mudzi, theka lake lili pa makande. Analembanso kumene dothi la mabuloko lidzachokere, ndi kuti dzenjelo lidzasanduka thanki yosungira madzi a mvula.

Wa Chaka Chachinayi ku MUBAS:
Chabwino, za dothi ndagonja. Koma kutentha? Pa chithunzi sindikuona AC ngakhale imodzi. Mlendo walipira madola angagone pa madigiri 40?

Mwana wa ku Ngabu:
Onetsetsa chithunzi chodula nyumba pakati chija. Madenga ndi awiri. Lapamwamba ndi la malata, laimikidwa palokha pa mitengo, ndipo ndi limene lanyamula masola. Pansi pake pali mpata woti mphepo izidutsa, kenako denga lachiwiri la bango ndi dothi, lomwe ndi la chipindacho. Dzuwa limamenya malata, kutentha kumatuluka ndi mphepo kusanafike kwa munthu. Makoma aatali ayang'ana kumpoto ndi kummwera, mbali zazifupi ndi zimene zayang'ana kotulukira ndi kolowera dzuwa, ndipo kumadzuloko kulibe windo, kuli bafa. Chipinda chilichonse chili ndi mawindo mbali ziwiri zoyang'anana, ndi timawindo tina pamwamba potulukira mpweya wotentha. Onse ali ndi waya wa udzudzu. Pamwamba pa bedi pali fani, mkati mwa neti.

Sindikunamizani kuti mu Novembala mudzazizira ngati ku Thyolo. Mudzatentha ndithu. Koma munthu adzagona. AC anaisiyira zipinda zochepa za odwala kapena okalamba kwambiri.

Wa Masola pa Dyeratu:
Ndithirepo ndemanga poti iyi ndi ntchito yanga. A ku Joni akuti AC ilipo. Ilipo inde, koma idya chiyani? Loji yonse ya magalasi kuti izizire ndi sola pamafunika mapanelo odzaza bwalo la mpira, ndi mabatire a ndalama zoti mungamangire loji ina. Ndiye amathera pa jenereta, usiku wonse gudugudu, mbalame za a Gaidi zija n'kuthawa. Za ESCOM musadalire kwambiri. Mukukumbuka namondwe Ana atawononga damu la magetsi la Kapichira mu Januwale 2022, ma megawati pafupifupi 130 anachoka nthawi imodzi, dziko lonse linali mu mdima kwa nthawi yaitali. Ndipo Kapichira ali konkuno kwathu.

Anthu amaganizanso kuti kuno poti dzuwa ndi lambiri ndiye sola imasangalala. Panelo ikatentha kwambiri mphamvu imatsika, ndipo batire losungidwa m'kachipinda kotentha silichedwa kufa. Madam, kachipinda ka mabatire anakaika pati?

Mwana wa ku Ngabu:
Pamwamba, pa nsanja ya thanki ya madzi, pansi pa thankiyo pamthunzi, makoma ake ndi a mabowo.

Wa Masola pa Dyeratu:
Ameneyo ndiye amadziwa. Ndilibenso mawu.

Mayi wa Madimba, East Bank:
Ndakhala ndikuwerenga kuyambira m'mawa, foni ndi ya mwana wanga. Nonse mukukamba za mlendo, agona bwanji, azizidwa bwanji. Ine ndifunse za ife. Kamtunda mukukatamandako, kopanda makande, kosafika madziko, mukuganiza kuti anthu a kumeneko sakadziwa? Malo otero ndi amene timathawirako madzi akabwera. Ndi kumene timakweza mbuzi ndi ng'ombe. Ndipo njira yopita kudimba ndi kudooko imadutsa malo ouma omwewo. Madzi akaphwa ife timatsikira m'dambo kukabzala chimanga, mbatata ndi nyemba pa chinyontho, ndi chakudya chimene chimatipulumutsa chaka chimene mapira akana. Njala ikafika povuta timakazula nyika m'madzi momwemo, ng'ona zili pompo. Tsono mukadzazunguliza waya ndi kuika mlonda pageti, tidzadzera kuti?

Ine zinandichitikirapo kumene ndinakwatiwa koyamba. Anabwera anthu ndi galimoto zoyera, anakhala pansi ndi amfumu, ife tinangomva kuti malo apita. Chipukuta misozi analandira ndi amuna atatu, njira ya kumadzi inatsekedwa, tinayamba kuzungulira ulendo wa ola lathunthu ndi ndowa pamutu.

Mphunzitsi Wopuma wa ku Bangula:
Mayi awa afunsa funso limene likanayenera kukhala loyamba.

Mwana wa ku Ngabu:
Amayi, zikomo, ndipo ndikuyankhani mosabisa. Mapulani ambiri amene tinalandira anajambula malowo ngati kulibe munthu. Dambo, mbalame, mvuu, bwato limodzi lokongoletsa chithunzi, basi. Ena anachita kulemba kuti mpanda uzungulire mpaka kumadzi kuti alendo asasokonezedwe. Amenewo tinawachotsa tsiku loyamba.

Yopambanayo inajambula njira ya kudooko mmene ilili lero, n'kuisiya kunja kwa mpanda. Loji yagawidwa pawiri, njira ikudutsa pakati, alendo akuwoloka pa kamlatho kamatabwa pamwamba. Holo yodyeramo, imene ili pamalo okwera kuposa onse, analemba kuti madzi akasefukira izitsegulidwa kuti anthu a m'midzi yoyandikana athawiremo, ndipo zimbudzi zake ndi thanki anaziwerengera anthu ambiri kuposa alendo. Kuseri anasiya bwalo la ziweto. Mwa zonse, chimenechi ndi chimene chinapangitsa kuti ine ndiivotere.

Koma mphamvu ya oweruza imathera pa pepala. Ife timasankha pulani n'kulemba kalata ya malangizo kwa eni ake. Sitigawa malo, sitisainira mgwirizano ndi mudzi.

Mayi wa Madimba, East Bank:
Ndiye mwanena nokha mwanangu. Njira ya papepala ndi pensulo, amafufuta. Holo imeneyo tsiku limene muli azungu akudya, ife tafika ndi matope ndi ana ndi nkhuku, mlonda adzatsegula?

Mwana wa ku Ngabu:
Sindingakulonjezeni kuti adzatsegula.

Kalaliki Wopuma wa kwa DC:
Ndithandizeko apa. Amayi akunena zoona, ndipo mankhwala ake ndi kulemba. Ntchito ngati iyi, m'mbali mwa dambo lotetezedwa, siyamba popanda kafukufuku wa mmene idzakhudzire chilengedwe ndi anthu, uja amati ESIA, ndipo amavomereza ndi a MEPA, bungwe la boma loteteza chilengedwe, potsata lamulo la zachilengedwe la 2017. Pa kafukufuku ameneyo amayenera kufunsa anthu okhudzidwa. Pamenepo ndi pamene muyenera kudzaza bwalo, amayi makamaka, n'kuonetsetsa kuti za njira, za dooko ndi za holo zalowa mu lipoti ndi mu mgwirizano wa malo, osati kungonenedwa pakamwa pansi pa mtengo. Lamulo la malo a makolo la 2016 linabweretsa makomiti a malo m'midzi, ndipo amayi amayenera kukhalamo. Amfumu paokha sayenera kugulitsa malo a anthu. Zimachitikabe, tonse tikudziwa, koma pepala losainidwa limakupatsani poyambira mukapita kukadandaula.

Mukadzamva kuti kwabwera anthu odzalemba maina ndi kugawa ma Fanta, funsani kaye kuti mainawo ndi a chiyani. Nthawi zambiri ndi umboni woti "anthu anafunsidwa ndipo anavomera".

Wa ku Joni:
Koma abale, tikayamba chonchi ndiye palibe adzabwere kudzaika ndalama kwathu. Ntchito tikuzifuna. Ife tili kuno chifukwa kwathuko kulibe chochita.

Mayi wa Madimba, East Bank:
Ntchito tikuzifuna bambo, palibe wakana. Koma loji ilemba anthu angati? Dimba limadyetsa mudzi wonse.

Gaidi wa Alendo:
Zonse zitheka ngati eni ake ali ndi mutu. Ku Majete a bungwe la African Parks atatenga malo aja mu 2003 munalibe nyama zoti n'kuonetsa mlendo. Lero muli zipembere, njovu, mikango imene anabweretsa mu 2012, akadyansonga, ndipo anyamata ambiri a m'midzi yozungulira ndi amene akugwira ntchito. Koma kumeneko ndi kumalo osungira nyama, mpanda unayenera. Dambo ndi lina, muli anthu, muli asodzi. Mlendo wa mbalame amene ndimamudziwa ine amasangalala kukwera bwato la msodzi weniweni wodziwa timifuleni tonse ta m'bango. Mukathamangitsa asodziwo, adzamuyendetsa ndani?

Mwana wa Msodzi, Chiromo:
Bola adzalipire bwino, osati kutijambula zithunzi tikuvuula ukonde n'kutipatsa "thank you". Ndiponso mabwato a injini asamadzadutse m'malo otchera, amabalalitsa mphende ndi kudula maukonde. Funso langa kwa madam ndi la mvuu. Zili ndi njira zake zotulukira usiku kukadya. Mukatseka njira imodzi zimakatulukira m'munda mwa munthu.

Mwana wa ku Ngabu:
Achimwene, za njira za mvuu pulani imodzi yokha ndi imene inazijambula, ndipo si yopambanayi, ndi nambala 2. Tinalemba m'kalata yathu kuti wopambanayo akatengereko nzeru imeneyo asanamalize. Ngati mukudziwa pamene zimatulukira chakumeneko, a Adimini akupatseni nambala yanga.

Wa Zaumoyo pa Ngabu:
Palibe wafunsa za chimbudzi, ndiye ndifunse ine. Kuno madzi apansi ali pafupi, ndipo dzinja septic tank wamba imadzaza n'kusefukira. Kolera ya 2022 mpaka 2023 tinaiona tonse. Zonyansa za alendo zizipita kuti? Chifukwa kumunsi kwa loji kuli anthu akumwa madzi omwewo.

Mwana wa ku Ngabu:
Matanki ake ndi omata, omangidwa pamwamba mkati mwa chiunda chija, osati okumbira pansi. Madzi otuluka m'menemo amadutsa m'mabedi a miyala ndi mchenga obzalidwa bango, omwenso ndi okwera, kenako amathirira mitengo. Palibe paipi yolunjika kudambo. Nambala 3 ija mapaipi ake amayenda pansi pa timilatho pamwamba pa madzi mpaka kumtunda, ndi pampu. Pampu ikafa kapena paipi ikathyoka, mukudziwa nokha.

Madzi akumwa ndiye nkhani imene sitinakhutire nayo pa mapulani onse. Ambiri anangolemba kuti "mjigo". Inu ndi ine tikudziwa mijigo ingati kuno imatulutsa madzi a mchere oti ngakhale nyemba sizipsa. Wopambanayo akudalira madzi a mvula a padenga, koma kuno mvula ndi yochepa ndipo chilimwe n'chachitali. Ine ndikuona kuti thanki yake ndi yaing'ono, ndipo ndinalemba choncho.

Bilidala wa ku Nchalo:
Nanga mitengo ya denga? Musadzatiuze kuti tsanya. Yatha ndi makala.

Mwana wa ku Ngabu:
Bulugama wa m'minda yobzala, wothiridwa mankhwala a chiswe, ndipo sakhudza dothi, wakhala pa zitsulo. Amene analemba tsanya ndi mivumo tinawadula malikisi. Pulani ina inafuna denga lonse la masamba a mlaza, lokongola zedi, koma titawerengera masamba ofunika tinaona kuti amayi oluka mikeka ndi madengu atsala opanda kanthu kwa zaka.

Wa Chaka Chachinayi ku MUBAS:
Madam ndamva zonse, koma ndikanali ndi kanga kumtima. Pulaniyi ndi yanzeru, koma siikoka maso. Loji imagulitsidwa ndi chithunzi pa intaneti. Munthu ali ku London akusankha pakati pa Zambia, Botswana ndi ife, adzadina pa midadada? Mukapanga chinthu cholimba koma chopanda alendo, pakatha zaka zitatu chidzakhala chigono cha mileme. Tili nalo kale dooko la Nsanje, analitsegulira ndi chimwemwe mu 2010, simenti yake ikadali yolimba bwinobwino.

Mphunzitsi Wopuma wa ku Bangula:
Kkkk mwana uyu ali ndi pakamwa. Koma dooko lija silinafe chifukwa cha kuipa kwa chithunzi, mwanawe. Zithunzi zake zinali zokongola kuposa za loji yanuyi, tinaziona pa zikwangwani. Linafa chifukwa sanamalize kukambirana ndi eni njira ya kunyanja, anzathu a ku Mozambique. Ndiye fanizo lakolo likuthandiza amayi a kumadimba aja, osati iwe.

Mwana wa ku Ngabu:
Komabe mng'ono wangayu asanyozedwe, chifukwa woweruza mnzathu uja ananena zofanana, ndipo sanasinthe maganizo mpaka mapeto. Anavotera nambala 2, ndipo zifukwa zake zinalembedwa mu lipoti. Nanenso ndikuvomereza kuti kutsogolo kwa yopambanayi n'kouma. Pofikira alendo pakufunika ntchito ina. Kusiyana kwake n'kwakuti nkhope ya nyumba itha kukonzedwa mwezi umodzi pa tebulo, pomwe malo olakwika sakonzeka.

Ukamaliza sukulu udzalowe mpikisano wotsatira. Koma udzayambe wagona ku Makhanga mu Febuluwale.

Wa Chaka Chachinayi ku MUBAS:
Kwathu ndi ku Muona madam, ndagonako moyo wanga wonse kkkk.

Mwana wa ku Ngabu:
Ndiye ulibe chowiringula.

Wa ku Joni:
Ine ndikadali pa nambala 3 yanga. Ndikadzapeza ndalama ndidzamanga ndekha.

Bilidala wa ku Nchalo:
Mudzandiitane achimwene, ndidzakumangirani. Koma ndalama yanga mudzandipatsiretu yonse mvula isanayambe.

Mayi wa Madimba, East Bank:
A Adimini, ine zoseka ndilibe. Bambo a kwa DC aja anena za msonkhano wofunsa anthu. Tidzadziwa bwanji tsiku lake? Chifukwa zoterezi amalengeza mu nyuzipepala, ndipo kuno nyuzipepala imafika itakulunga matemba.

Kalaliki Wopuma wa kwa DC:
Pitani kwa wapampando wa ADC, komiti ya chitukuko ya dera lanu, mukafunse ngati kalata yafika, ndipo mukamuuze kuti mukufuna uthenga udzadutse m'matchalitchi ndi pa wailesi ya m'dera. Ofesi ya zachilengedwe ya pa boma nayo imadziwa. Musapite nokha, mutengane amayi angapo ndi a komiti ya asodzi.

Adimini:
Ndalemba. Madam, kodi chithunzi chija choonetsa njira ya kudooko ndi holo mungatitumizire pano kuti amayi akapite nacho chosindikiza?

Mwana wa ku Ngabu:
Mapulani atatu oyambirira eni ake anawatulutsa kale poyera, ndiye palibe choletsa. Nditumiza madzulo ndikafika pa netiweki yabwino, pano ndili pa Thabwa ndikukwera. Amayi, mukasindikize pa pepala lalikulu, pa laling'ono njirayo siioneka bwino.

Mwana wa Msodzi, Chiromo:
Mutumizenso cha nambala 2 cha njira za mvuu chija, ndikaonetse madala akaone ngati anajambula zoona.